Mwana wabinya phazi pa netibolo: tithowe kapena tiike ayisi?

Make Pempho (Chilomoni): Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano? Ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamkazi wa zaka 12 amasewera netibolo kusukulu kwawo. Dzulo masana anadumpha kuti awakhe mpira, potera anaponda phazi la mnzake, lake n'kupindikira mkati. Anzake anachita kumubereka kudzafika naye kunyumba. Apongozi anga anamuthowa ndi madzi otentha othira mchere, kenako tinamupaka Deep Heat n'kumanga ndi kansalu. Usiku sanagone, amangobuula, ndipo m'mawa muno kakolo watupa kuposa dzulo, kunja kwake kwada bii. Tipitirize kuthowa, kapena alipo mankhwala ena opaka amphamvu kuposa amenewa?

Goloboyi wa Kale (Ndirande): Pepani mayi. Kubinya kumatero, tsiku lachiwiri ndiye kumatupa zenizeni. Pitirizani kuthowa m'mawa ndi madzulo, mupake Deep Heat wambiri, mumusisite mwamphamvu kuti magazi oundanawo abalalike. Ife tasewera m'magalaundi a fumbi kuyambira tili anyamata, mankhwala athu anali omwewo.

Nambala 5 (Bangwe): Kapena mupeze Tiger Balm, yofiira ija. Imeneyo imalowa mpaka m'fupa, Deep Heat amachepa.

Wa Fizio (Chitawira): Make Pempho, chonde lero musamuthowenso, musamusisite, ndipo mafutawo muyambe mwawasiya. Achimwene a ku Ndirande ndimakulemekezani, koma apa ndikutsutsani. Ndisananene zambiri, mayi, ndiyankheni izi. Mwanayo angathe kuponda kanayi motsatizana, ngakhale motsimphina? Kenako mumudinize ndi chala chimodzi pafupa lotuluka lakunja kwa kakolo, kunsonga kwake ndi cham'mbuyo mwake, muteronso ndi lamkati. Mukatero tsatirani m'mbali mwa phazi kuchokera kukachala kakang'ono kubwerera kuchidendene. Chapakatikati mupeza kafupa kotumphuka, mudinizenso pamenepo. Mundiuze pomwe akukuwa.

Make Pempho (Chilomoni): Kuponda akukana, wayesa kamodzi n'kukhala pansi. Fupa lamkati akuti silikuwawa, m'mbali mwa phazi ayinso. Lakunjalo ndangokhudza chabe, wakuwa mpaka wakankha dzanja langa.

Wa Fizio (Chitawira): Ndiye mupite naye kuchipatala lero lomwe lino akamujambule. Mafunso ndakufunsaniwa si a m'mutu mwanga ayi. Anawakonza ndi madokotala a ku Ottawa, ku Canada, mu 1992 pofuna kudziwa amene akufunika X-ray ndi amene angabwerere kunyumba. Munthu akalephera kuponda kanayi, kapena ululu ukakhala pafupa penipeni osati pamnofu, ameneyo ajambulidwe. Pempho ali nazo zonse ziwiri.

China n'chakuti ndi mwana woti akukulabe. Kumapeto kwa mafupa a ana kumakhala kagawo kofewa komwe fupa limakulira, ndipo kagawo kameneka kamatha kugonja msanga kuposa mitsempha yogwira kakolo. Kugwa komwe wamkulu angabinye nako chabe, mwana kumatha kumung'alula fupa. Mukasisita pamalo otero mukusuntha fupa long'aluka.

Podikira galimoto, mwendo ukhale pamwamba pa pilo kapena pa bulangeti lopinda. Kulungani ayisi m'kathaulo konyowa, muike pakakolo mphindi 15 kapena 20, osati ayisi pakhungu mwachindunji. Kansalu mwamangako kasathine.

Anesi Opuma (Soche): Mwana wanga, a Fizio anena zoona. Tenga buku lake la kuchipatala uyambire pa chipatala chaching'ono cha ku Chilomoni komweko, akulembere kuti upite ku Queens. Paja Blantyre alibe chipatala chachikulu cha boma la Blantyre ngati mmene zilili ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, ndiye zipatala za m'madera zimatumiza ku Queens komweko, ndipo ukafika ndi kalata zimakuyendera bwino. Mpatse Panado molingana ndi msinkhu wake. Asipirini ayi, mwana wosafika zaka 16 sapatsidwa. Usamuyendetse pa kabaza mwendo uli lende, pezani galimoto ngati n'kotheka.

Make Pempho (Chilomoni): Zikomo amayi, zikomo a Fizio. Bambo ake apita kukayang'ana galimoto kwa aneba. Apongozi sakusangalala koma tinyamuka.

Malume a ku Chirimba: Ana inu, ine ndili ndi funso. Makolo athu analibe ayisi, analibe makina ojambulira. Munthu akabinya kumunda ankawamba masamba a nsatsi pamoto, n'kumuthowa nawo, sabata isanathe wagwiranso khasu. Kodi onsewo anali osadziwa? Masiku ano chilichonse cha makolo mukuti n'cholakwika. Apongozi a mayiwa achita zomwe anaona amayi awo akuchita, ndipo achita chifukwa chokonda mdzukulu. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera.

Wa Fizio (Chitawira): Malume, za chikondi cha agogowo palibe angatsutse, ndipo sindikuti makolo anali osadziwa. Kuthowa ine ndimalangiza anthu tsiku ndi tsiku: msana wouma, khosi lokanika kutembenuka, ntchafu zowawa mawa lake la mpira. Nkhani yagona pa nthawi. Phazi likapindika, timitsempha ta magazi timaphulika mkati, ndipo kuda kumene mayiwa akuonako ndi magazi omwe atayikira pansi pa khungu. Kutentha kumatsegula mitsempha ya magazi. Kuthowa tsiku loyamba kuli ngati kutsegula mpopi pomwe paipi yaphulika. N'chifukwa chake timati masiku awiri kapena atatu oyamba munthu apewe kuthowa, kusisita, kuthamanga ndiponso mowa. Kutupa kukayamba kuphwa, masamba anu a nsatsi ofunda aja alibe vuto, bola asaotche khungu.

Koma malume, kumbukiraninso bwino kumudzi. Kunali abambo otsimphina moyo wawo wonse, ena mkono wokhota wosatha kuwongoka, ndipo tinkangoti anagwa mumtengo wa mango ali mwana. Amene anachira msanga ndi amene anangobinya pang'ono, poti kubinya kochepa kumapola kokha ngakhale osapaka kanthu. Amene anathyoka ndi aja tinkawaona akukoka mwendo.

Malume a ku Chirimba: Pamenepo mwandikumbutsa mphwanga wina, mkono wake unapola chokhota. Komabe ine nsatsi ndimaikhulupirira, mawondo angawa ndimathowa nayo madzulo alionse.

Wa Fizio (Chitawira): Mawondo a ukalamba pitirizani malume, kutenthako kumathandizadi.

Anesi Opuma (Soche): Chomwe ine sindingachivomere ngakhale pang'ono ndi mphini. Ndagwira ntchito m'mawodi zaka zambiri, ndipo ndaona ana obwera mwendo uli ndi mafinya chifukwa anawatema kuti atulutse magazi oipa n'kuthiramo phulusa la mizu. Mwana amene akanapola ndi chikhakha amagonekedwa chifukwa cha chilonda. Lezala limodzi kutemera anthu angapo ndi njira ya HIV ndi matenda a chiwindi, ndipo dothi ndi phulusa m'bala ndi njira ya kafumbata. Kafumbata ndi matenda oopsa, abale anga, munthu nsagwada zimauma gwa, msana n'kupindika. Magazi akuda pansi pa khungu thupi limawachotsa lokha, mtundu wake umasintha tsiku ndi tsiku mpaka kutha.

Nambala 5 (Bangwe): A Fizio, ndiye mukuti Deep Heat ndi Tiger Balm n'zabodza? Chifukwa ine ndikapaka ululu umachepadi, sindikunama.

Wa pa Famase (Limbe): Achimwene, simukunama, ululu umachepadi. Koma m'fupa simafika kanthu. Mu Deep Heat muli menthol ndi methyl salicylate, mu Tiger Balm muli camphor ndi menthol. Zimenezi zimatekenya minyewa ya pakhungu, munthu n'kumamva kutentha kapena kuzizira, ndiye ubongo umatanganidwa ndi za pakhunguzo n'kuchepetsa kumva ululu wamkati. Mtsempha wong'ambika umakhala uli chomwecho. Vuto lake, munthu ukamva bwino umalowanso m'galaundi, n'kukamalizitsa kung'amba.

Ndimagulitsa mafutawa tsiku lililonse ndipo sindiwanyoza, pa minofu yotopa ndi abwino. Koma ndimawauza anthu kuti asapake pabala kapena posupuka, asamange mothina akapaka, ndipo asaphatikize ndi kuthowa. Mu 2012 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linachenjeza kuti mafuta a mtundu umenewu anaotcha anthu ena khungu mpaka matuza. Methyl salicylate ndi pachibale ndi asipirini, choncho amene asipirini amawadwalitsa, kapena amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ayambe afunsa. Mukapaka sambani m'manja musanagwire m'maso kapena kupita kokataya madzi.

Ngati mukufuna chopaka chomwe chimachepetsadi ululu wa kubinya kwa munthu wamkulu, jelo wa diclofenac ndiye amalowa pang'ono pansi pa khungu. Nayenso osati pabala, osati kwa mayi woyembekezera osafunsa, ndipo kwa mwana ngati Pempho afunse kaye achipatala.

Goloboyi wa Kale (Ndirande): Ine ndisanalowe pagolo ndimapaka m'ntchafu ndi m'mapewa, fungo lokhalo thupi limadziwa kuti lero kuli ntchito. Chimenecho sindisiya.

Kochi wa Ana (Zingwangwa): Akulu, pakani, koma muzithamangathamanganso kaye mpaka kathukuta katuluke. Anyamata anga ena amaganiza kuti akapaka ndiye atenthetsa thupi. Khungu latentha, mnofu uli wozizira, mphindi zisanu zoyamba wagwira kuseri kwa ntchafu.

Aphunzitsi a Sayansi (Machinjiri): Ndilowererepo pang'ono. Za ayisizo nazonso si kuti akatswiri onse amagwirizana. Dokotala wa ku America Gabe Mirkin ndi amene anatchukitsa mu 1978 malangizo aja a kupuma, ayisi, kumanga ndi kukweza mwendo. Mu 2014 mwiniwakeyo analemba kuti ayisi ndi kupuma kwambiri zitha kuchedwetsa kupola, chifukwa kutupa ndi njira yomwe thupi limakonzera powonongeka. Ndiye ife tigwire ziti?

Wa Fizio (Chitawira): Aphunzitsi, zimenezo n'zoona ndipo mwachita bwino kuzitchula. Koma sanati bwererani kukathowa. Ayisi ntchito yake ndi kuziziritsa ululu m'maola oyamba, kwa kanthawi kochepa, osati kugona naye. Chomwe chinasintha kwambiri ndi nkhani ya kupuma. Kale tinkati khala pansi masabata awiri. Pano tikatsimikiza kuti fupa lili bwino, patatha masiku awiri kapena atatu munthu ayambe kuponda pang'onopang'ono mmene ululu ukumulolera, azizunguza phazi ngati akulemba zilembo m'malere ndi chala chachikulu. Kenako aziima ndi mwendo umodzi, mwachitsanzo potsuka m'kamwa, poyamba maso ali otsegula, pambuyo pake atatsinzina. Kakolo wobinya amataya luso lodziwa mmene phazi laponderamo, n'chifukwa chake amene wabinya kamodzi amabinyanso pomwepo. Atsikana a netibolo ndi amene amavutika nazo kwambiri, poti masewero awo ndi kudumpha, kutera ndi kuima mwadzidzidzi.

Shuta (Mbayani): Apa mwanena za ine ndendende. Kakolo wanga wakumanja amangopindika ngakhale pamsewu. Koma funso langa ndi la ayisiyo. Kwathu kuno firiji tilibe, ndipo amene ali nayo magetsi akathima zonse zimasungunuka.

Kochi wa Ana (Zingwangwa): Achemwali, mafirizesi. Pagalaundi iliyonse pamakhala mayi wa chikulaboksi. Ine ndimagula atatu, kukulunga mu jezi yonyowa, basi. Akasowa, ndowa ya madzi ozizira a mumtsuko, kuviikamo phazi. Osati madzi omwe akhala padzuwa m'chigubu.

Make Pempho (Chilomoni): Mwaswera bwanji nonse. Pepani dzulo sindinabwerenso, tinafika kunyumba kutada. Anamujambula, ndipo akuti fupa lakunja kwa kakolo lang'aluka kumunsi kwake, pomwe a Fizio amanena paja, koma silinasunthe. Amuika chikhakha cha theka, cham'mbuyo kokha, akuti kutupa kuyambe kwaphwa, tibwererenso sabata ya mawa. Amene anatithandiza anandifunsa ngati tinasisita, ndinawauza zonse. Khungu pomwe tinapaka n'kumanga paja latuluka timatuza tiwiri, analitsuka n'kuikapo kabandeji asanaike chikhakha. Usiku wagona tulo. Apongozi ndi amene akumuphikira phala pano, akuti mdzukulu wawo asatsike pabedi. Mulungu akudalitseni nonse.

Anesi Opuma (Soche): Tithokoze Mulungu, mwana wanga. Tsopano tamvera. Uziyang'ana zala zake za kuphazi m'mawa, masana ndi usiku. Zikatupa kwambiri, zikazizira, zikasintha mtundu, akati zachita dzanzi, kapena ululu ukamakula m'malo mochepa, usadikire tsiku lomwe akulembera, bwerera nthawi yomweyo ngakhale usiku. Chikhakha chisanyowe, posamba uzichikulunga m'jumbo. Chikamamuyabwa asalowetsemo kamtengo kapena bolopeni, ndi mmene zilonda zimayambira. Agogo akewo uwathokoze, ndipo uwapatse ntchito yoyang'ana zalazo, aichita bwino kuposa iwe.

Malume a ku Chirimba: Mumupepese mdzukulu wathuyo. Mwachita bwino kupita.

Kochi wa Ana (Zingwangwa): Kwa makolo ena amene mwana wanu anathyoka kale n'kupola chokhota, musataye mtima n'kumubisa m'nyumba. Mumzinda muno muli chipatala cha Beit CURE, pafupi ndi Queens, chomwe chinatsegulidwa mu 2002 ndipo ntchito yake yaikulu ndi mafupa a ana. Kafunseni.

Bambo a Tadala (Chilobwe): Poti a Famase ali pompano, ndifunse za mapiritsi. Pa timu yathu ya masoshozi Lamulungu lililonse pamakhala munthu wogawa Brufen ndi Indocid mpira usanayambe, aliyense awiriawiri. Madala ambiri tili ndi mawondo owawa ndiye timangomwa, ena m'mimba mulibe kanthu. Chaka chatha mnzathu wina anayamba kuchita chimbudzi chakuda, kenako anasanza magazi, anagonekedwa. Anthu anati ndi mowa. Ine mpaka lero mtima wanga umandiuza kuti anali mapiritsi aja, omwe ankagulidwa kwa munthu wina wongoyala pamsika.

Wa pa Famase (Limbe): Bambo, mtima wanu sukukunamizani, ngakhale sindingagamule za munthu yemwe sindinamuone. Brufen, Indocid ndi diclofenac ndi banja limodzi. Onse amakanda m'mimba, ndipo kuphatikiza awiri sikuchotsa ululu kawiri koma kumawonjezera ngozi. Mowa ukabwera pamwamba mpira ukatha ndiye zimanyanya. Chimbudzi chakuda ngati phula ndi chizindikiro chakuti m'mimba mukutuluka magazi, munthu wotero athamangire kuchipatala.

Palinso impso. Taganizani dzuwa la Okutobala, munthu wa zaka zoposa 40 akuthamanga masana, thukuta lili kamukamu, madzi sakumwa. Impso zili kale pampanipani, ndiye mapiritsiwa amachepetsanso magazi opita ku impsozo. Ambiri mwa madala a masoshozi ali ndi BP kapena shuga, ena sadziwa n'komwe. Chonde mwambo wogawa mapiritsi pagalaundi uthe. Ngati bondo silikulola kusewera popanda piritsi, bondolo likaonedwe.

Panado nayenso ali ndi malire. Wamkulu asapyole mapiritsi 8 a 500mg pa maola 24, awiri nthawi imodzi, motalikanitsa maola 4 mpaka 6. Mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol mkati, yemwe ndi Panado yemweyo, werengani pa paketi, chifukwa mukaphatikiza chiwindi ndi chomwe chimavulala. Ndipo gulani m'malo ovomerezedwa ndi PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno. Mapiritsi okhala padzuwa tsiku lonse, opanda paketi, simungadziwe kuti ndi chiyani kapena anatha mphamvu liti.

Bambo a Tadala (Chilobwe): Ndiwerengera anzanga uthengawu Lamulungu tisanayambe. Ena andida koma zilibe kanthu.

Anesi Opuma (Soche): Onjezanipo ichi bambo. Thupi likaphwanya mawa lake la mpira, pali kutentha thupi kapena kuzizidwa, musamangoti ndi mpira wa dzulo. Kayezetseni malungo, ndi kadontho kamodzi ka magazi pachala. Anthu amabisa malungo ndi Panado masiku angapo n'kufika kuchipatala atafooka kale.

Nambala 5 (Bangwe): Nanga kusupuka? Ife oteteza kumbuyo timagwa tsiku lililonse, galaundi yathu ndi miyala yokhayokha. Ine ndimathira sipiriti, anzanga ena mafuta a mabuleki, akuti chilonda chimauma msanga.

Anesi Opuma (Soche): Mafuta a mabuleki ndi a galimoto, mwana wanga, ndi poizoni. Sipiriti ndi kachasu zimaotcha mnofu wamoyo womwe ukufunika kuti bala litseke. Chofunika kwambiri ndi chomwe anthu amachithawa chifukwa chimawawa: kutsuka. Madzi aukhondo ambiri ndi sopo, kuchotsa kamchenga kalikonse. Mchenga ukatsalira khungu limapola nawo, chipsera chake chimakhala chakuda, kapena pamachita mafinya. Ukatsuka paka Vaseline pang'ono, phimba ndi bandeji yoyera, uzisintha tsiku ndi tsiku. Bala lokhala lonyowa pang'ono pansi pa bandeji limapola bwino kuposa lomwe lauma nkhanambo n'kumang'ambika ukapinda bondo. Ngati bala ndi lakuya, wabayidwa ndi msomali kapena waya, pita ukafunse za jakisoni wa kafumbata tsiku lomwelo. Kufiira kukamafalikira, pakamatentha, kapena mwanabere akatuluka m'mphechepeche, ndiye kuti lalowa tizilombo.

Goloboyi wa Kale (Ndirande): Amayi, nanga Zam-Buk? Mlamu wanga akamachokera ku Joni amatibweretsera timabokosi tobiriwira tija, kunyumba kwathu ndi mankhwala a chilichonse.

Wa pa Famase (Limbe): Milomo yosweka m'nyengo ya Chiperoni, zidendene zong'aluka, polumidwa ndi udzudzu, Zam-Buk ali bwino. Muli mafuta a bulugama ndi camphor, choncho pabala lotseguka kapena popsa ndi moto ayi.

Make Pempho (Chilomoni): Poti mwatchula camphor, Vicks ndimapaka kamng'ono wake wa Pempho akagwidwa chimfine, pachifuwa ndi m'mphuno. Ali ndi chaka ndi miyezi ingapo. Ndikulakwitsa?

Anesi Opuma (Soche): Ameneyo usamupakenso mpaka atakwanitsa zaka 2, zalembedwa ngakhale pabotolo. M'mphuno ayi, kaya mwana kaya wamkulu. Ndipo ndimamva ena amasungunula Vicks mu tiyi n'kumwa, chonde lekani, camphor akalowa m'mimba amatha kukomola mwana. Kamwanako ukapatse zakumwa pafupipafupi, m'mphuno udonthezemo timadzi ta mchere togula ku famase. Poti kapyola chaka, kasupuni ka uchi kamathandiza chifuwa usiku, koma khanda losakwana chaka uchi ayi. Kakamapuma mothamanga kapena nthiti zikamalowa mkati, chimenecho si chimfine wamba, thamanga nako.

Za kufukiza ndi masamba a bulugama, zomwe zinatchuka nthawi ya Covid, wamkulu wofuna atero mosamala. Mwana ayi. Beseni la madzi owira pansi pa bulangeti, mwana n'kupalapata, madzi onse pamiyendo.

Shuta (Mbayani): Zinachitikira mwana wa aneba athu. Anamupaka Colgate ndi dzira laiwisi.

Anesi Opuma (Soche): Mayo ine. Pamoto mankhwala oyamba ndi madzi ozizira a pampopi, kuthira mosalekeza mphindi 20. Osati ayisi, osati Colgate, dzira, mafuta ophikira kapena ufa. Zonsezo achipatala amayenera kuzichotsa kaye, mwana akulira. Matuza osaboola. Phimbani ndi nsalu yoyera mupite naye, makamaka ngati ndi kumaso, m'manja, kumaliseche, kapena malo aakulu kuposa chikhatho cha mwanayo.

Kochi wa Ana (Zingwangwa): Ine chomwe chimandisowetsa tulo si miyendo koma mitu. Anyamata awiri akagundana mitu polimbirana mpira wa m'mwamba, anthu amathamanga ndi botolo, kumuthira madzi kumutu, kumupaka Vicks pamphuno kuti atsitsimuke, akangoimirira onse m'manja, walimba mwamuna. Ine mwana wotero ndimamutulutsa ndipo tsiku limenelo salowanso, ngakhale ikhale fainolo ya bonanza. Makolo ena amandikalipira. Sikuti mpaka akomoke ayi: akamayenda mozandima, akamafunsa funso lomwelomwelo, akaiwala kuti zigoli zili bwanji, ubongo wagwedezeka. Ndimamuperekeza kwawo n'kuuza makolo kuti akasanza, mutu ukamakula kuwawa, akamangogona osadzutsika bwino, apite naye kuchipatala usiku womwewo. Ngakhale malamulo a mpira kuyambira 2024 amalola mipikisano kupatsa timu mwayi wapadera wosintha wosewera amene wavulala m'mutu. Ife a m'makwalala tilibe dokotala pambali pa galaundi, ndiye tizikhala okhwimitsa kuposa iwowo.

Wa Fizio (Chitawira): A Kochi, pamenepo ndilibe chowonjezera kupatula khosi. Akagwa n'kumati khosi likuwawa, kapena manja achita dzanzi, asamunyamule wina miyendo wina manja mmene timachitira muja. Agone pomwepo, wina agwire mutu kuti usatembenuke, mpaka papezeke chonyamulira cholimba.

Shuta (Mbayani): Langa lomaliza, a Fizio. Mpira ukamenya kunsonga kwa chala n'kutupa pamfundo, anzathu amathamangira kukoka mpaka chilire kuti thwa. Chala changa chapakati anandikoka Loweruka, mpaka pano sichikupindika bwino, ndipo chapafupi nacho chomwe chili ndi mphete chayambanso kutupa.

Wa Fizio (Chitawira): Achemwali, mpheteyo ivuleni pompano, pakani sopo kapena Vaseline, dzanja lili m'mwamba. Ikakana musalimbane nayo mpaka usiku, pitani akaidule. Kukoka chala ndi kosayenera, chifukwa pamfundopo pamatha kubenthuka kafupa ndipo simungadziwe ndi maso. Tayesani izi: ikani dzanja patebulo, muwongole chalacho panokha osachithandiza ndi dzanja linalo. Nsonga yake ikuwongoka kapena ikugwa? Kenako fumbatani pang'onopang'ono, muone ngati chikukwera pamwamba pa chinzake.

Shuta (Mbayani): Mphete yatuluka ndi sopo. Kufumbata chikufumbata molunjika ngakhale chikuwawa, koma nsonga ikugwa, ndikaiwongola ndi dzanja linalo n'kuisiya ikugwanso.

Wa Fizio (Chitawira): Ndiye kuti mtsempha wowongola nsonga waduka kapena wazuka ndi kafupa. Chimenecho kumanga pamodzi ndi chala chinzake sikukwanira, ndipo palibe mafuta opaka angachilumikize. Chimafuna kachitsulo kapena kapulasitiki kogwira mfundo yomalizayo ili chiwongokere usana ndi usiku kwa masabata 6 mpaka 8, osaipinda ngakhale posamba, chifukwa ikangogwa kamodzi mumayambiranso kuwerenga. Lero mangirirani kamtengo kosalala kunsongako ndi pulasitala, mosathina, mawa m'mawa mupite akachijambule. Netibolo muyambe mwapuma.

Shuta (Mbayani): Tili ndi gemu Loweruka, koma ndamva. Ndiwauza a kochi athu usiku uno kuti apeze wina woponya.